Mlandu suola: nkhani zopeka za nyumba zokhala ndi chipinda chokhoma

Mtsikana wakwatiwa ndi mwamuna wachuma amene sakumudziwa bwino. Amutengera kutali ndi kwawo, kunyumba yaikulu yakalekale, ya zipinda zambiri kuposa anthu ogonamo. Antchito amamupatsa ulemu, koma akangolowa kukhitchini nkhani imaduka. Pali chipinda chimodzi chimene kiyi wake amasunga munthu mmodzi yekha. Usiku amamva mapazi kumtunda, kukacha akafunsa amauzidwa kuti walota. Pomatha miyezi itatu, iye mwini wayamba kudzifunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino.

Nkhani imeneyi yalembedwa kambirimbiri kwa zaka zoposa 250, mayina ndi malo n'zimene zimasintha. Kwawo ku Ulaya amaitcha gothic, ndipo mdzukulu wake wa masiku ano, amene wadzaza mabuku ndi makanema, amatchedwa psychological thriller, kutanthauza nkhani imene nkhondo yake imamenyedwera m'maganizo a munthu. Ambiri amaziika m'gulu la nkhani za mizukwa. Ine ndawerengapo zingapo, ndipo chimene ndimapeza n'chakuti mzukwawo ndi nsalu yofundira chabe. Ukaivundukula umapeza zinthu ziwiri zimene sizisowa: chuma chimene wina anachipeza mwachinyengo, ndi munthu amene ali ndi mphamvu yonena kuti mnzake wapenga, anthu n'kumukhulupirira. Kuti zimenezi zioneke bwino ndiulula mathero a mabuku angapo akale, choncho amene sanawawerenge andikhululukire.

Dzina loti gothic linachokera ku mtundu wa anthu otchedwa Goth, amene anafunkha mzinda wa Rome m'chaka cha 410. Patapita zaka mazanamazana, dzinali linasanduka lonyozera mamangidwe a matchalitchi ndi malinga akale, aja a zipilala zazitali ndi mazenera osongoka pamwamba. Kutchula chinthu kuti gothic kunali kunena kuti n'chachikale, cha nthawi ya mdima. Horace Walpole, mwana wa nduna yaikulu yoyamba ya Britain, ankazikonda zachikalezo, moti nyumba yake ya Strawberry Hill ku Twickenham anaikonza motengera malinga amenewo. Mu 1764 anatulutsa buku la The Castle of Otranto koma sanalembepo dzina lake. Ananamiza anthu kuti ndi nkhani yakale ya Chitaliyana, yosindikizidwa ku Naples mu 1529, imene wina wangoimasulira. Litayenda malonda anavomera kuti ndi lake, ndipo polisindikiza kachiwiri mu 1765 ndi pamene anaika mawu oti gothic pamutu wa bukulo.

Nkhaniyo imayamba ndi chisoti chachitsulo chachikulu koopsa chimene chinaphwanya mwana wamwamuna wa mwini linga, Manfred, pa tsiku la ukwati wake. Wowerenga wa lero akhoza kuona ngati nthano ya ana. Koma funsani kuti chisoticho chagweranji. Agogo ake a Manfred anapha mwini linga weniweni ndi poizoni, n'kulemba wilo yabodza. Mnyamata wosauka amene Manfred akumuzunza ndiye woyenera kulowa m'malo. Pofuna kukakamira chuma chimene sichinali chake, Manfred anabaya mwana wake wamkazi m'chimbulimbuli, poganiza kuti ndi munthu wina. Walpole mwiniwake, m'mawu oyamba a bukulo, analoza ku chiphunzitso chija cha pa Eksodo 20:5, chakuti zolakwa za makolo zimagwera ana mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Ife timangoti mlandu suola.

Amene anaiumba bwino nkhaniyi ndi mayi wina, Ann Radcliffe. Buku lake la The Mysteries of Udolpho, la mu 1794, anamulipira nalo mapaundi 500, ndalama zimene alembi ambiri a nthawiyo sankazilota n'komwe. Iye anachotsamo mizukwa yeniyeni. Phokoso lililonse la usiku limadzapezeka kuti linali ndi mwini wake, munthu wamoyo. Mtsikana wa m'nkhaniyo, Emily, anavundukula nsalu yakuda n'kukomoka ndi chimene anaona, ndipo owerenga amadikira masamba mazana ambiri asanauzidwe kuti chinali chidole cha phula chooneka ngati mtembo. Choopsa chenicheni m'linga la Udolpho ndi Montoni, mwamuna wa azakhali ake, amene wamutsekera m'mapiri a ku Italy kuti asayine mapepala opereka minda ndi nyumba zimene azakhali akewo anamusiyira.

Lamulo limene linkatseka chitseko

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa amene sadziwa malamulo a ku England a m'zaka za m'ma 1800 amaganiza kuti alembiwa ankangokokomeza.

Nthawi imeneyo mkazi akakwatiwa, pamaso pa lamulo ankamezedwa ndi mwamuna wake. Ndalama zimene anali nazo, katundu wake, ngakhale malipiro a ntchito ya manja ake, zinkakhala za mwamunayo, pokhapokha abale ake atateteza chumacho ndi mgwirizano wapadera ukwati usanachitike. Lamulo lolola mkazi wapabanja kusunga malipiro ake linabwera mu 1870, ndipo lomulola kukhala ndi katundu wakewake mokwanira linabwera mu 1882. Kuthetsa banja kunali kovuta kwambiri. Chisanafike chaka cha 1857 pankafunika lamulo lapadera la Nyumba ya Malamulo pa banja lililonse, zimene ankakwanitsa ndi olemera okhaokha. Ngakhale lamulo la mu 1857 litadza, mwamuna ankangofunika kusonyeza kuti mkazi wachita chigololo, pamene mkazi ankayenera kusonyeza chigololo kuphatikizapo cholakwa china, monga nkhanza kapena kumuthawa.

Onjezanipo mwambo wa mabanja olemera, wakuti nyumba ndi minda yonse ipite kwa mwana wamwamuna woyamba, wobadwira muukwati wovomerezeka. Mzere umodzi m'kaundula wa maukwati kutchalitchi unkatha kusiyanitsa bwana ndi wopemphapempha. Kenako panali nyumba zosungirako odwala misala zimene anthu ankayendetsa ngati bizinesi. Wachibale akapempha, madokotala awiri n'kusayina, munthu ankatsekeredwa. Mu 1858, mlembi wina wotchuka amenenso anali nduna ya boma, Edward Bulwer-Lytton, anatsekeretsa mkazi wake Rosina ku Brentford, patangopita nthawi yochepa mkaziyo atamudzudzula pagulu pamsonkhano wa chisankho ku Hertford. Anamutulutsa patatha milungu ingapo chifukwa nyuzipepala zinachita phokoso. Mkazi amene analibe womulankhulira akanakhala momwemo.

Tsono mwamuna amene watopa ndi mkazi wake koma chuma chake akuchifuna, sangamusudzule, angatani? Chitseko ndi kiyi zinali pafupi.

Mu Jane Eyre, buku la Charlotte Brontë la mu 1847, mtsikana wamasiye wapeza ntchito yophunzitsa mwana m'nyumba yotchedwa Thornfield. Amamva kuseka kodabwitsa kuchokera m'chipinda chapamwamba, n'kumauzidwa kuti ndi wantchito wina. Choonadi chinatulukira m'tchalitchi, pa tsiku limene iye ankakwatiwa ndi mwini nyumbayo, Rochester: m'chipindamo muli mkazi wake woyamba, Bertha, wamoyo. Ndipo chiyambi chake ndi chuma. Rochester sanali mwana woyamba, bambo ake sanafune kugawa malo, choncho anamutumiza ku Jamaica kukakwatira mtsikana wobwera ndi mapaundi 30,000.

Wilkie Collins, amene anaphunzira zamalamulo, anafika patali kuposa apa. Nkhani yake ya The Woman in White inkatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya mlembi mnzake Charles Dickens kuyambira mu 1859 mpaka mu 1860. Sir Percival Glyde ali ndi ngongole zothyola khosi, ndipo mkazi wake Laura ali ndi mapaundi 20,000. Amamusinthanitsa ndi mtsikana wina wofanana naye nkhope: winayo akumwalira n'kuikidwa m'manda pa dzina la Laura, Laura akutsekeredwa kwa odwala misala pa dzina la winayo. Akamanena kuti iye ndi Laura, mawu omwewo amakhala umboni wakuti wapengadi. Nanga chinsinsi chimene Glyde anali wokonzeka kuwonongera anthu miyoyo? Makolo ake sanakwatirane mwalamulo, ndipo iye analemba ukwati wabodza m'kaundula wa tchalitchi. Anafera m'moto m'kachipinda kosungiramo kaundulayo, akuyesa kufafaniza umboniwo. Ndimaona kuti palibe mzukwa umene umaopsa kuposa mzere umodzi wa inki umenewo.

Nyumba ikasamukira m'mutu

M'zaka za m'ma 1900 malamulo aja anali atasintha, koma nkhaniyi siinafe. Inangosuntha malo, kuchoka m'malinga kulowa m'maganizo. Mu 1919 Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo a munthu, analemba za mantha a mtundu wina, amene m'Chijeremani amatchedwa unheimlich. Anaona kuti mawu otsutsana nawo, heimlich, ali ndi matanthauzo awiri: cha pakhomo, chozolowereka, komanso chobisika, chachinsinsi. Mantha amenewa sabwera ndi chilombo cha kuthengo. Amabwera pamene chinthu cha pakhomo, chimene chimayenera kukhala chobisika, chatulukira poyera, kapena pamene nkhope imene umadya nayo mbale imodzi yaoneka yachilendo.

Chaka cha 1938 chinatulutsa nkhani ziwiri zimene alembi a lero amatungabe. Yoyamba ndi Rebecca, ya Daphne du Maurier. Wotifotokozera nkhaniyo ndi mkazi wachiwiri, ndipo mlembi sanamupatse dzina m'buku lonselo. Dzina limene lili ponseponse ndi la Rebecca, mkazi woyamba amene anamwalira: pa mipango, pa mabuku, pakamwa pa alendo. Pali kanthu kamodzi kamene sindikaiwala. M'mawa woyamba m'nyumba ya Manderley, mkaziyu wakhala pa tebulo lolembera la mnzake wakufayo, timabokosi tonse tolembedwa ndi dzanja la womwalirayo. Foni ya m'nyumba ikulira, woimbayo akufunsa Mayi de Winter. Iye, mwamantha, akuyankha kuti Mayi de Winter anamwalira chaka chapitacho. Waiwala kuti Mayi de Winter tsopano ndi iyeyo. Palibe magazi, palibe mkuwo, koma pamenepo wadziwa kuti munthuyu akufufutika. Woyang'anira antchito, Mayi Danvers, amasunga chipinda cha womwalirayo monga anachisiyira, chopesera tsitsi pamalo pake, chovala chogonera pabedi, ndipo tsiku lina anaima naye pazenera n'kumamunong'oneza kuti adziponye pansi. Pamapeto pake zikudziwika kuti mwamunayo sankalira mkazi wake woyamba. Anamupha, n'kumiza bwato mtembo uli momwemo.

Yachiwiri ndi sewero la Patrick Hamilton lotchedwa Gas Light. Nyumba za ku London za nthawi ya nkhaniyo zinkaunikiridwa ndi gasi woyenda m'mapaipi. Zili ngati madzi a m'mipopi ya paipi imodzi: wina akatsegula kwake, kwako amachepa mphamvu. Usiku uliwonse mwamuna amatuluka, ndipo posakhalitsa nyale za m'chipinda cha mkazi wake zimazilala, chifukwa iye wazembera m'zipinda zapamwamba zokhoma n'kuyatsa nyale kumeneko. Akufunafuna miyala yamtengo wapatali ya mayi amene anamupha m'nyumba yomweyo zaka zapitazo. Masana amabisa tizinthu n'kunena kuti mkaziyo ndiye wataya, amamukumbutsa kuti mayi ake anafa ndi misala. Nyale zozilalazo ndi umboni wokhawo wakuti maso ake sakumunamiza. Sewerolo linasanduka filimu yotchuka mu 1944, ndipo mutu wake unabala mawu a Chingerezi oti gaslighting, amene lero alangizi a mabanja amatchulira nkhanza yopangitsa munthu kukayikira zimene waona ndi kumva yekha.

Luso la alembi a nkhani zoterezi lagona pa kagawidwe ka chidziwitso. Alfred Hitchcock, amene anajambula filimu ya Rebecca mu 1940, ankapereka chitsanzo cha bomba pansi pa tebulo. Likangophulika mwadzidzidzi, oonera amadzidzimuka kamphindi kochepa. Koma ukawaonetsa bombalo poyamba, n'kusiya anthu awiri akucheza nkhani wamba pamwamba pake, mtima umakhala m'mwamba mpaka macheza atha. M'nkhani ya chinsinsi cha banja, bombalo aliyense patebulopo amalidziwa kupatula munthu mmodzi, ndipo ife owerenga tamangiriridwa kwa iyeyo. Timaona zimene iye waona basi. Alembi a masiku ano anapotozanso pamenepa, n'kupanga wofotokoza nkhaniyo kukhala wosadalirika: woledzera, woiwala, kapena wabodza lamkunkhuniza. Zikachitika mwaluso, ukabwerera kumasamba oyamba umapeza kuti choonadi chinalipo, iwe ndiye sunachione. Zimandikwiyitsa mlembi akabisa dala chimene wofotokozayo akanachitchula, n'kudzachitulutsa patsamba lomaliza ngati fisi wa m'thumba. Kumeneko n'kubera wowerenga.

Chimodzi chimene chimabwerezeka ndi moto. Thornfield inapsa, Manderley inapsa, kachipinda ka kaundula kanapsa. Zikuoneka kuti alembiwa ankaona kuti nyumba yomangidwa pa bodza singakonzedwe ndi kupaka laimu.

Chifukwa chake sizitidabwitsa

Malinga amiyala ndi nyale za gasi n'za eni ake, ndipo sindikufuna kuzikokera kuno mokakamiza. Koma munthu woima pakati pa nkhani zimenezi timamudziwa. Ndi mtengwa amene wapita kukakhala kwa mwamuna, kapena mkamwini amene wamanga pamudzi wa mkazi wake. Wafika pamalo pamene aliyense amadziwa za mnzake kuyambira ali wakhanda, iye yekha ndiye sadziwa chifukwa chake apongozi salankhulana ndi achimwene awo, kapena chifukwa chake munda wakumtsinje saulima. Pomulangiza anamuuza kuti za m'nyumba sizituluka panja ndipo banja ndi kupirira. Akafunsa kwambiri amati ndi wamwano.

Timadziwanso tsiku limene zobisika zimatulukira. Pamaliro a bambo wina pafika mayi wachilendo ndi mnyamata, akhala cha kumbuyo kwa msasa. Palibe amene wawatchula, koma azimayi akugwirana m'nthiti, chifukwa mphuno ndi kayendedwe ka mnyamatayo n'za malemu. Mwambo usanathe, akuchimuna ayamba kale kufunsa za makiyi a galimoto ndi mapepala a nyumba. Kulanda chuma cha masiye kunafika poti mu 2011 Malawi anakhazikitsa lamulo latsopano la mawilo ndi chuma cha omwalira, limene limati mchitidwewu ndi mlandu.

N'chifukwa chiyani banja lonse limakhala chete, ngakhale anthu abwino a m'banjamo? Akuluakulu anayankha kale: khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wolakwayo ndi amene amalipira sukulu fizi, ndi malume, ndi bambo wa ana. Ukamumenya waswa mtsuko umene nonse mumamwera. Alembi abwino a nkhani zimenezi amamvetsa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake osunga chinsinsi m'mabuku awo sakhala zilombo zokhazokha. Mkazi wachiwiri uja wa ku Manderley, atamva kuti mwamuna wake ndi wakupha, sanathawe. Anasangalala kuti sankamukonda woyambayo, n'kuyamba kumuthandiza kubisa. Wowerenga amadzapeza kuti nayenso akupempherera wakuphayo kuti apulumuke, ndipo mantha amenewo, odziona wekha utaima mbali yolakwika, amakhalitsa kuposa a phokoso la usiku.

Pali kusiyana kumodzi kumene ndimakuona kofunika. Mtsikana wa m'mabuku amenewa pafupifupi nthawi zonse ndi wamasiye, kapena ali ndi wachibale wosasamala. Alembi amamulanda abale dala, chifukwa akanakhala ndi ankhoswe oti n'kuwathamangira, kapena mwinimbumba woti abwere kudzafunsa kuti mwana wathu akuondanji, nkhaniyo ikanathera patsamba la 50. Nyumba yaikulu ya patali ntchito yake ndi imeneyo, kumuchotsera mboni. Masiku ano nyumba yoteroyo ikhoza kukhala ya mpanda wautali m'tauni, kapena kachipinda ku Johannesburg kapena ku Leeds kumene munthu anatsatira mwamuna wake, mapepala ake okhalira m'dzikomo ali m'manja mwa mwamunayo.

Amene ali kuseri kwa chitseko

Ndimazikonda nkhanizi, koma zili ndi chilema chimene sindingachibise. Kawirikawiri zimagwiritsa ntchito matenda a maganizo ngati chinthu choopsezera. Bertha wa mu Jane Eyre amafotokozedwa ngati chinyama chokwawa ndi kuuwa, salankhula liwu ndi limodzi lomwe, ndipo zonse zimene timadziwa za iye timazimva kwa mwamuna amene anatenga ndalama zake n'kumutsekera. Kwa ife amene taonapo wachibale wodwala maganizo akubisidwa kuseri kwa nyumba alendo akafika, chithunzi chimenechi chimapweteka, ndipo chimakuza manyazi amene amalepheretsa mabanja kupita naye kuchipatala. Palinso funso limene bukulo silifunsa: mapaundi 30,000 a ku Jamaica aja anachokera kuti? Chuma cha azungu a pachilumbacho chinali cha minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo a ku Africa. Chimenecho ndi chipinda china chokhoma, ndipo Britain itathetsa ukapolo ndi lamulo la mu 1833, mapaundi 20 miliyoni a chipukutamisozi anapita kwa eni akapolo, akapolowo sanalandire kanthu.

Amene anatsegula chipinda cha Bertha ndi Jean Rhys, mlembi wobadwira pachilumba cha Dominica, amene anawerenga bukulo ndi maso a munthu wa kumeneko. Mu 1966 anatulutsa Wide Sargasso Sea, n'kufotokoza nkhani yomweyo kuyambira ku Jamaica, ukapolo utangotha. Mkaziyo ali ndi dzina lakelake, Antoinette, ndipo loti Bertha ndi mwamunayo amene amamukakamiza. Timamuona ali mwana, nyumba yawo ikutenthedwa, mayi ake akusokonezeka ndi chisoni, kenako iye akukwatiwa ndi mlendo amene akuopa dziko lake, kutentha kwake ndi anthu ake. Pofika m'chipinda chapamwamba chija ku England, timakhala tadziwa njira yonse imene anadzera. Bukulo limatha iye atadzuka usiku, womulondera ali m'tulo. Watenga makiyi, watsegula chitseko, ndipo akuyenda m'mdima wa m'nyumbamo atanyamula kandulo, dzanja lina akutchingira lawi kuti mphepo isalizime.